Momwe mungaonere mizu ya m'mbali ikubadwa pa zomera za m'madzi

Mukazula namasupuni m'madzi n'kumuyang'ana kunsi, muona ndevu zakuda kapena zofiirira zikulendewera. Ndevuzo zili pawiri. Pali mizu ikuluikulu yotuluka pa tsinde, ndipo pa muzu uliwonse pamamera timizu tambirimbiri tothinana ngati nthenga. Timizu timeneti ndiye mizu ya m'mbali, ndipo ndi timene timayamwa gawo lalikulu la mchere, kutanthauza zakudya zosungunuka m'madzi, umene chomera chikufuna.

Chofunika kudziwa musanayambe ndi ichi: kamuzu kamene mwakaona lero sikanayambe lero. Kanakhazikitsidwa masiku angapo apitawo, mkati mwa muzu waukulu, pamene nsonga ya muzuwo inali kudutsa pamalopo. Anthu ambiri amathira feteleza m'mawa, madzulo n'kumawerenga timizu, n'kunena kuti fetelezayo wagwira ntchito kapena wakanika. Apo amakhala akuwerenga zotsatira za madzi a sabata yatha.

Sankhani chomera chimene chilidi ndi mizu ya m'mbali

Si chomera chilichonse cha m'madzi chimene chingakuthandizeni. Ceratophyllum, Utricularia ndi Wolffia zilibe mizu n'komwe. Lemna minor ili ndi kamuzu kamodzi pa tsamba lililonse ndipo sikachita nthambi. Spirodela ili ndi timizu tingapo, koma natonso sitichita nthambi. Elodea imatulutsa mizu yoyera pa mfundo za tsinde, yomwe imangotsika osagawikana. Mukayamba ndi zimenezi mudikira pachabe.

Zabwino kuyambira ndi namasupuni, Pistia stratiotes (chomera chooneka ngati kabichi wamng'ono pamwamba pa madzi) ndi mpunga. Namasupuni ndi Pistia zimayandama, mizu yake ili poyera m'madzi, palibe chokumba. Mpunga umamera msanga kuchokera ku mbewu ndipo mumapeza mbande zambiri zofanana msinkhu, zomwe ndi zofunika mukafuna kufananitsa. Bango ndi gumbwa zilinso ndi mizu ya m'mbali yambiri, koma ndi zazikulu ndipo zimavuta kusunga m'botolo.

Namasupuni anachokera ku South America ndipo kulikonse kumene wafika amatseka mitsinje ndi madamu. M'mayiko a European Union kumugulitsa kapena kumusunga kunaletsedwa kuyambira 2016, ndipo mayiko ena ali ndi malamulo awo. Fufuzani kaye lamulo. Mukamaliza ntchito, muyanikeni pouma mpaka aume gwa, musamutayire m'ngalande.

Zimene zikuchitika mkati mwa muzu

Mukadula muzu mopingasa n'kuuika pa maikulosikopu, muona mizere ya maselo yozungulirana. Kunja kuli khungu. Kenako pali mnofu wokhuthala wotchedwa cortex. Mkati mwake muli mzere umodzi wa maselo ogwirana kwambiri wotchedwa endodermis, umene umasefa zolowa. Pansi pa endodermis pali mzere wina wopyapyala, pericycle, wozungulira mitsempha ya pakati: xylem yokweza madzi ndi phloem yotsitsa shuga kuchokera kumasamba.

Muzu wa m'mbali umabadwira mu pericycle. Apa ndi pamene umasiyana ndi ubweya wa muzu, umene ndi selo limodzi la pakhungu longotalika. Umasiyananso ndi nthambi ya tsinde, yomwe imaphukira kunja. Kamuzu ka m'mbali kamayenera kuboola minofu yonse ya mayi wake kuti katuluke.

Chimayambitsa ndi auxin, mankhwala amene chomera chimapanga chokha m'masamba anthete ndi kunsonga. Auxin akaunjikana m'maselo ochepa a pericycle, maselowo amagawikana n'kukhala timaselo tifupitifupi toyandikana. Kenako amagawikana mbali ina, mzere umodzi n'kukhala iwiri, iwiri n'kukhala inayi, mpaka patuluke kachulu. Mu 1997 Malamy ndi Benfey anagawa kukula kwa kachuluka m'magawo asanu ndi atatu pogwiritsa ntchito Arabidopsis, chomera cha kumtunda, ndipo ambiri amatsatirabe magawo amenewo. Koma musatengere Arabidopsis zonse. Iyo timizu take timayambira pa pericycle yoyang'anizana ndi xylem. Mu mpunga timayambira pafupi ndi phloem, ndipo maselo a endodermis nawonso amagawikana n'kuphimba kachuluko.

Zomera zoyandama zili ndi chodabwitsa china. Pa zomera zambiri za kumtunda, tichulu timayamba kuonekera patali pang'ono ndi nsonga, pamene maselo asiya kutalika. Pa namasupuni ndi Pistia timayambira pafupi kwambiri ndi nsonga, m'dera limene maselo a muzu waukulu akugawikanabe. F. A. L. Clowes wa ku Oxford anafotokoza zimenezi mu 1985. N'chifukwa chake timizu ta namasupuni timathinana chotero, makumi angapo pa sentimita imodzi, ndipo n'chifukwa chakenso kuvulaza nsonga kumaononga zambiri kuposa mmene mungaganizire.

Kachulu kakakula kamakankha cortex. Maselo a cortex amene ali patsogolo pake amamasuka chifukwa chomera chimasungunula guluu wowalumikiza, ndipo kamuzu kamadutsa pakati pawo. Potuluka kamasiya mng'alu pakhungu mozungulira phata lake. Mng'alu umenewo ndi khomo la tizilombo, tidzabwererako. Pa nthawi yomweyo kuphata kumapangika xylem ndi phloem zatsopano zolumikiza kamuzuka ndi mitsempha ya mayi wake.

Nkhani ya mpweya

Apa ndi pamene zomera za m'madzi zimasiyana kwenikweni ndi zinzake. Madzi otentha madigiri 25 amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 8 pa lita, pamene lita imodzi ya mpweya ili ndi wochuluka kuwirikiza pafupifupi 30. Madzi akatentha amasunga wochepa: pa madigiri 20 ndi pafupifupi 9, pa madigiri 30 ndi pafupifupi 7.5. Choposa apo, okosijeni amayenda m'madzi osagwedezeka mochedwa kuwirikiza pafupifupi 10,000 poyerekeza ndi mumpweya. M'matope omizidwa, mukangotsika mamilimita ochepa, okosijeni palibiretu.

Maselo amene akugawikana amafuna okosijeni wambiri. Ndiye chomera chimadzipangira mapaipi. Mu cortex mumatseguka mipata yodzaza mpweya, yotchedwa aerenchyma, yochokera kumasamba kudzera m'tsinde mpaka pafupi ndi nsonga ya muzu. Mu mpunga mipatayi imapangika maselo ena akafa n'kusungunuka. Mukadula muzu wokhwima muona ngati gudumu la njinga lokhala ndi masipoko.

Paipi imeneyi imadontha. Mpunga ndi bango zimamata mbali ya kumtunda ya muzu waukulu kuti okosijeni asathawire m'matope asanafike kunsonga, koma timizu ta m'mbali ndi topyapyala ndipo timataya okosijeni wambiri. Kamuzu kalikonse kamatapa pa mpweya umene nsonga ya muzu waukulu ikudikira. Ndiye m'matope opanda mpweya chomera chimakhala pa mpanipani: timizu tambiri timabweretsa mchere wambiri, koma timachepetsa kutalika kumene muzu waukulu ungafike. Okosijeni wothawayo sapita pachabe. Amasandutsa ayironi wosungunuka m'matope kukhala dzimbiri, ndipo n'chifukwa chake mizu ya mpunga yozulidwa m'matope imakhala yofiira ngati njerwa. Dzimbirilo si matenda. Likusonyeza kuti muzu ukupuma.

Kukonza mabotolo

Pezani mabotolo agalasi a lita imodzi, osachepera anayi pa chilichonse chimene mukufuna kuyesa. Botolo limodzi silikuuzani kanthu, chifukwa zomera zimasiyana zokha ngakhale musanazichite chilichonse. Kutani mabotolowo ndi pepala lakuda kapena la aluminiyamu, lomwe mungalivule poyang'ana. Kuwala kukafika m'madzi a feteleza, ndere zimamera m'masiku ochepa, zimakuta timizu ndi kulanda mchere.

Madzi akhale a mvula kapena osefedwa. A pampopi asiyeni poyera usiku wonse kuti klorini achoke, koma dziwani kuti ngati muli chloramine, mankhwala ena ophera tizilombo m'madzi a pampopi, kudikira sikuthandiza, pamafunika mankhwala ochotsera amene amagwiritsidwa ntchito m'matanki a nsomba. Thirani madzi a Hoagland, omwe ndi msakanizo wa mchere wodyetsera zomera m'labotale, osungunulidwa kufika pa gawo limodzi mwa anayi, kapena feteleza wa zomera zolimidwa m'madzi pa gawo limodzi mwa anayi la mlingo wolembedwa pa paketi. Mlingo wathunthu ndi waukali kwa mbande. pH, muyeso wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 5.5 ndi 6.5. Ikakwera kupitirira 7, ayironi amakhazikika pansi, masamba atsopano n'kuyamba chikasu. Sinthani madzi masiku atatu kapena anayi alionse.

Pa mpunga: viikani mbewu maola 24, ziikeni pa pepala lonyowa mumdima pa madigiri 28 mpaka 30, ndipo muzu ukafika masentimita 2 kapena 3 sankhani mbande zofanana. Zikhazikeni pa kaukonde kapena pa thovu la pulasitiki lobooledwa, mbewu ikhale pamwamba pa madzi, muzu wokha ndiye umire. Pa namasupuni kapena Pistia: tengani ana ofanana kukula, dulani mizu yonse yakale ndi lezala yoyera kusiya sentimita imodzi, ndipo dikirani mizu yatsopano yoyera. Mizu yakale yakuda ili ndi mbiri imene simukuidziwa.

Kenako chitani chinthu chimene ambiri amachidumpha. Tsiku lililonse, pa ola lomwelo, lembani pagalasi kamzere pamene nsonga yafika, ndi deti pambali. Ngati muzu ukugwedezeka, yezani kuchokera kuphata ndi rula n'kulemba m'kope. Timizere timeneti ndi kalendala yanu. Kamuzu kakatuluka pakati pa kamzere ka Lachiwiri ndi ka Lachitatu, mukudziwa nthawi imene kanayambika, ndipo mukudziwa madzi amene analipo tsikulo.

Kuona timizu tisanatuluke

Ndi maso mumangoona timene tatuluka. Kuti muone tichulu tamkati muyenera kuuyeretsa muzu kuti uonekere mkati.

Dulani masentimita 3 kapena 4 omaliza a muzu, nsonga ikhalepo. Pa namasupuni ndi Pistia nsonga imavala kachipewa katali ngati chikwama. Kavuleni mosamala ndi kasingano, apo ayi kabisa malo amene mukufuna kuona. Ikani zidutswazo mu ethanol wa 70 peresenti kwa ola limodzi kapena usiku wonse. Zisamutsireni mu potassium hydroxide wa 10 peresenti, ndiye kuti magalamu 10 m'madzi okwana mamililita 100, ndipo zisiyeni usiku umodzi popanda kutenthetsa. Mankhwalawa amaotcha khungu ndipo amachititsa khungu m'maso, valani magolovesi ndi magalasi. Posungunula, thirani mankhwala m'madzi pang'onopang'ono chifukwa amatentha.

M'mawa tsukani m'madzi katatu. Ngati mizu idakali yakuda, iviikeni mphindi ziwiri kapena zitatu m'madzi othira bulichi pang'ono, n'kutsukanso. Kenako donthezani utoto wa toluidine blue wa 0.05 peresenti kwa mphindi imodzi, tsukani, ikani pa kagalasi ndi dontho la glycerol wosakaniza theka ndi madzi, n'kuphimba. Musapanikize.

Pa maikulosikopu yokulitsa ka 40 muona timadontho todera motsatana m'mbali mwa mtsempha wa pakati. Maselo a kachulu ndi aang'ono ndi odzaza, ndiye amagwira utoto kuposa maselo a cortex amene mkati mwake ndi madzi okhaokha. Yambani kunsonga n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Koyamba muona kakutupa kosaoneka bwino, kenako kachulu kozungulira, kenako kosongoka kakukankha cortex, kenako kamuzu katatuluka. Mukuona masiku angapo a moyo wa chomera atandandalikidwa pa masentimita awiri. Pa kukulitsa ka 100 mutha kuwerenga mizere ya maselo m'kachulu.

Ngati zonse zaoneka zabuluu bii, utoto unachuluka. Viikani mu ethanol mphindi zochepa. Ngati muzu wasungunuka ngati phala, unakhalitsa mu potassium hydroxide. Mizu yanthete ya mpunga nthawi zina imakwana ndi maola ochepa.

Kawerengedwe

Gawani chiwerengero cha timizu ndi kutalika kwa dera limene lili ndi timizu, osati kwa muzu wonse. Mwachitsanzo muzu wa masentimita 10 wokhala ndi timizu 48 pa masentimita 6 a kumtunda uli ndi timizu 8 pa sentimita. Mukagawa ndi 10 mupeza 4.8, ndipo chiwerengerocho chizisintha nsonga ikangothamanga kapena kuchedwa, ngakhale timizu tisanasinthe.

Pali msampha wina. Chinthu chikafupikitsa maselo a muzu waukulu, timizu timaoneka tothinana ngakhale chomera sichinaonjezere kamodzi komwe. Choncho lembani ziwerengero zitatu nthawi zonse: kutalika kumene muzu waonjezera, timizu totuluka, ndi tichulu tamkati. Tichulu tikachuluka koma totuluka tikachepa, vuto silili pa kubadwa, lili pa kutuluka.

Pa mpunga siyanitsaninso mitundu iwiri. Pali timizu tifupi topyapyala tosachita nthambi, ndi tina tokhuthala, totalika, timene timaberekanso timizu tawo. Kuwerengera pamodzi kumabisa kusintha kwenikweni.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi

Fosiforasi. Konzani madzi awiri ofanana, amodzi opanda fosiforasi. Pa namasupuni kusiyana kumaoneka pakatha masabata awiri kapena atatu: wa m'madzi osauka amatalikitsa mizu ndi timizu, mizu imadera kwambiri, masamba n'kumachepa. Wa m'madzi onona amakhala ndi mizu ifupiifupi ndi masamba aatali. Choncho ndevu zazitali si umboni woti chomera chikusangalala. Kawirikawiri chikusaka.

Izi musazisokoneze ndi zimene zimachitika mchere ukakhala pamalo amodzi. Mu 1975 M. C. Drew anaonetsa pa balere kuti ukapereka nitrate, ammonium kapena phosphate ku chigawo chimodzi cha muzu, timizu timachuluka ndi kutalika pa chigawo chokhacho, pamene potaziyamu sanachite zimenezo. Chomera chanjala chimamanga pamene chapeza chakudya. Ichi n'chifukwa chake pa zomera zozikika mumchenga, kambulu ka feteleza kokwiriridwa masentimita angapo kuchokera patsinde kamakutidwa ndi timizu, pamene feteleza wosungunulidwa m'madzi onse sapanga zotero.

Mpweya. Mabotolo ena aikeni kapampu ka mpweya. Ena thirani agar, ufa wolimbitsa madzi kukhala ngati jeli, wa galamu imodzi pa lita, wiritsani kuti asungunuke ndi kuchotsa mpweya, ziziritsani mutatseka, n'kuthira mosagwedeza. Agar wochepa chotere salimba, amangoletsa madzi kuyendayenda, ndipo amafanizira bwino matope. Mpunga wa mmenemo umatulutsa mizu yambiri yatsopano pa tsinde, yokhuthala, yodzaza aerenchyma, koma yosatalika kwambiri. Mpweya wa ethylene, umene chomera chimapanga ndipo umalephera kuthawa m'madzi, ndi umene umathandiza kufulumizitsa mizu ya pa mfundo imeneyi. Iyo si mizu ya m'mbali, musaiwerengere limodzi.

Mukafuna kuona ndi maso pamene okosijeni akuthawira, thirani utoto wa methylene blue pafupifupi mamiligalamu 10 pa lita mu agar yemweyo, kenako sodium dithionite pang'onopang'ono, pafupifupi mamiligalamu 130 pa lita, mpaka mtundu uzimiririke. Mizani mizu, masamba akhale kunja. Pakapita nthawi yochepa buluu amabwerera mozungulira nsonga ndi timizu ta m'mbali, pamene phata lomatidwa limakhalabe loyera.

Auxin. Sungunulani mamiligalamu 10 a IBA, womwe ndi mtundu wa auxin, m'madontho ochepa a ethanol, onjezerani madzi kufika mamililita 100. Mamililita 2 a madzi amenewa pa lita akupatsani mamiligalamu 0.2 pa lita. Mamililita 10 akupatsani miligalamu imodzi. Yambani ndi wochepayo. Auxin akachuluka muzu waukulu umaima, timizu timatuluka tothinana koma tifupitifupi, nthawi zina tomatana. Ufa wogulitsidwa wophukitsira mizu pa nthambi ndi waukali kwambiri pa ntchito imeneyi.

Njira ziwiri zosafuna mankhwala: dulani mamilimita 2 kapena 3 a nsonga ya muzu wa mpunga, ndipo timizu ta pafupi ndi bala tikula mwamphamvu n'kulowa m'malo mwa nsonga. Kapena pindani muzu wanthete mofatsa n'kuusiya wopindika. Timizu timakonda kutulukira kunja kwa ngodya.

Zikavuta

Mizu yakuda, yofewa, yonunkha ngati dzira lovunda: m'matope mwapangika hydrogen sulphide chifukwa zovunda zachuluka ndipo mpweya palibe. Mpweya umenewu umatseka kupuma kwa maselo, ndipo timizu ta m'mbali ndiye timayamba kufa chifukwa tilibe chotchinga. Chepetsani zovunda, sakanizani mchenga wokhakhala, chotsani mizu yakufa. Koma musasokoneze ndi kuda kwachibadwa kwa namasupuni. Finyani ndi zala: muzu wamoyo ndi wolimba ndipo nsonga yake ndi yoyera kapena yofiirira pang'ono, wakufa khungu lake limavuka n'kusiya kaulusi.

Kuderako kukayambira pa phata la timizu n'kumafalikira, ganizirani za Pythium, kachilombo kokonda madzi ofunda osayenda, kamene kamalowera pa ming'alu ija. Sinthani madzi, tsukani botolo ndi bulichi n'kulitsukuluza bwino, ziziritsani madzi pang'ono, onjezerani mpweya.

Tichulu tambiri koma osatuluka: kawirikawiri ndi kusowa shuga. Kuwala kwachepa, kapena masamba adulidwa kapena amira. Kamuzu kamadalira mayi wake mpaka katakhwima, ndipo chomera chikapanikizika chimaimitsa tichulu n'kudikira. Perekani kuwala kwa maola 12 mpaka 14 pa tsiku, ndipo tina mwa timeneto tidzadzuka.

Nsonga zofiirira, zopindika, timizu tifupi ngati minga: yang'anani kopa, ndiye kuti mkuwa wosungunuka m'madzi. Amachokera ku mapaipi atsopano kapena ku mankhwala ophera ndere ndi nkhono, ndipo wochepa chabe amaimitsa maselo a kunsonga. Madzi osefedwa opanda kashiamu amaononganso nsonga mofananamo, n'chifukwa chake simuyenera kusunga mbande m'madzi osefedwa okhaokha kwa masiku ambiri.

Pa chomera chimene mwangochisamutsa, timizu takale tambiri timathothoka ndi kufa, makamaka ngati chachoka m'madzi kupita mumchenga kapena kuchoka mumchenga kupita m'madzi. Musachizule kuti muone ngati chagwira. Muzu uliwonse umene mwauthyola nsonga wataya tichulu ta masiku angapo, ndipo kalendala yanu ya pagalasi iyenera kuyambanso pa tsiku loyamba.